Khitchini Yopanda Khomo

Tsiku limene anagwetsa khitchini yake, Dailes Nambewe sanalire. Analira zokwanira chaka chatha poika amuna ake, a Yesaya, ndipo misozi si madzi a m'nyanja oti uzingotunga. Anakhala pachitsa, manja pamaondo, n'kumayang'ana a Jameson amisiri akusasula udzu wakuda bii ndi mwaye n'kumauponya pansi ngati zinyalala.

Khitchiniyo sinali yokongola, tisanamizane. Chinali chisakasa cha zidina, khoma lolekeza m'chiuno, mbali yoyang'ana kunjira yopanda ndi chitseko chomwe. A Yesaya anaimanga choncho dala, ati utsi uzituluka. Koma potulukira utsi ndi pomwenso pankalowera anthu. Njira yochokera kusikimu ya mpunga ya ku Lifuwu kupita kudooko inkadutsa pomwepo, ndipo panalibe mayi wodutsa osapatuka. Moto wa Dailes sunkazima. Ankaukwirira ndi phulusa, m'mawa n'kungoufukula, basi theka la mudzi linkapala moto pamenepo. Machesi m'magolosale alimo, inde. Koma wopala moto sabwerera moto wokha. Amakhala pansi, amakusadzulira nkhwani, amakuuza amene wadwala ndi amene wathawidwa ndi mwamuna, kenako amanyamula khala lake n'kumapita.

Amuna ake atamwalira, chimene chinamusunga Dailes si ulaliki wa abusa ayi. Anali Asiya, Msilamu wa kumunsi kwa njira, wogulitsa usipa wofutsa, mkazi wa a Latif. M'mawa uliwonse Asiya ankafika ndi phale lake lobenthuka m'mbali, ati moto wamuzimira. Bodza lenileni. Munthu wofutsa usipa moto ungamuzimire? Ankabwera kudzaona ngati mnzakeyo wadya, ndipo sankachoka asanamuone akutafuna.

Ndiye kunabwera Clifton, mwana yekhayo amene anamutsalira, wogwira ntchito ku Lilongwe. Anafika ndi mkazi wake Sharon komanso foni yodzaza zithunzi. Mwambo wovundukula chiliza cha a Yesaya unali utayandikira, ndipo ati kudzabwera alendo a kuntchito.

"Amayi, taonani," anatero Sharon akusisita foni ndi chala. "Masiku ano khitchini imakhala m'nyumba momwemo, yolumikizana ndi pabalaza. Mukuphika uku mukucheza ndi anthu."

"Nanga panopa ndimaphika ndikucheza ndi mbuzi?"

Clifton anaseka kuseka kwake kwa mu ofesi. "Utsi, amayi. Maso anuwo akufiira ndi utsi. Bambo ankatsokomola chifukwa cha utsi womwewo."

"Bambo ako ankatsokomola chifukwa cha chingambwe. Usanamizire mafuwa anga."

"Nanga anzanga akadzaona mayi anga akuphika m'chisakasa adzati chiyani? Adzati Clifton amadya yekha."

Apo ndiye panagona nkhani. Dailes anamuyang'ana mwanayo, nkhope ya bambo ake yeniyeni mpaka makutu omwe. Mwana mmodzi ali ngati diso limodzi, sulitikita ndi mphamvu. Anati, "Chita zimene wafunazo." Mawuwo anawalavula ngati minga ya nsomba, koma anawanena.

A Jameson anagumula khoma la chipinda chosungiramo mpunga n'kuchiphatikiza ndi pabalaza. Anayala matailosi oyera mbee, oterera moti ukaponda ndi phazi lonyowa ukadzidzimukira m'chipatala. Makabati anawapachika m'mwamba, kumene Dailes sakanafikira popanda kukwera pampando, mayi wa msinkhu wake. Pakati anamangapo chitebulo cha mwala chosasunthika, ati ndiye fasho, pamwamba pake n'kulendeweretsa mababu ngati zisa za atchete. Kunabwera sinki, kunabwera fuliji, kunabwera sitovu ya magetsi ya mbale zinayi. Mtondo unalibe malo. Nkhali ya thobwa inalibe malo. Lichero ati lizikhala kuchipinda, likuwononga maonekedwe.

Zonsezo Dailes akanapirira. Koma tsiku lina anapeza a Jameson akutseka ndi njerwa khomo lakuseri, loyang'ana kunjira.

"Amisiri, mukutani apo?"

"Apa padutsa kabati yaitali, mayi, ndi sinki. Tiikapo windo lalikulu kuti kuwala kuzilowa."

"Kuwala kumapala moto? Anthu azilowera pati?"

"Kumaso, pabalaza."

"Munthu wochokera kudooko, mamba a nsomba mpaka m'zigongono, adutse pamasofa? Akazi anu amalowa choncho m'nyumba za eni?"

A Jameson anakanda m'mutu. "Ine ndimatsata chithunzi, mayi. Wondilemba ntchito ndi mwini foni."

Anaika windo lija n'kuwotchererapo zitsulo zoletsa akuba. Pamene panali chisakasa anayalapo njerwa za simenti, poimika galimoto ya Clifton. Mafuwa atatu amene Dailes anachoka nawo kwawo ku Chitala pokwatiwa anawapaka laimu n'kuwazunguliza duwa pakhonde. Pobwerera ku Lilongwe, Clifton anachonderera: "Amayi, chonde, utsi ayi mpaka mwambo udutse, penti angade. Ndipo anthu asamangolowa, matailosi ndi atsopano." Dailes anamvera. Uchitsiru wa kubala.

Patapita masiku, mwera unagwetsera mtengo pamawaya, magetsi n'kuzima. M'mawa sitovu inangoti duu, yozizira ngati mwala wa pamanda. Dailes anali atakhala pansi pamatailosi, kuseri kwa chitebulo chija, pakuti zoimirira pokonza chakudya msana wake unkakana. Anali akutafuna chinangwa chachiwisi. Mayi amene moto wake unkaphikitsa mudzi!

"Odi kuno! Amake Clifton!"

Anali Asiya, phale m'manja, akusuzumira pazitsulo za windo.

"Ndazungulira nyumba yonse ngati nkhuku yofuna poikira. Khomo lija munalimeza? Tandigawireni moto, achemwali, wandizimira."

Dailes anadzambatuka n'kubisa chinangwa kumbuyo. Manyazi anamugwira. Anene kuti chiyani? Kuti m'nyumba yowala ngati banki mulibe ndi khala limodzi lomwe? Amuuze Asiya kuti azungulire, alowe, adzamuone mmene akudyera pansi ngati galu wa eni? Anatsegula kabati, anatenga bokosi la machesi limene Sharon anasiya, n'kulitulutsa pakati pa zitsulo.

"Kayatsireni awa."

Asiya anayang'ana machesiwo, anayang'ana dzanja, anayang'ana zitsulo. Kupatsira munthu pawindo! Amatero ndi wa golosale, kapena wopatsira mkaidi phala. Kuno kwathu ngakhale wamisala timamutulukira panja.

"Ndi zingati?" anafunsa Asiya.

"Musandilankhule choncho, inu."

"Ayi, ndimayesa mwatsegula okala." Anatenga machesiwo ndi zala ziwiri. "Alhamdulillah, anzathu mwakwera. Ife mapazi athu ndi a mchenga."

Anapita. Dailes akanatha kudutsa pabalaza, kuzungulira nyumba, n'kumupeza asanafike pamtengo wa mango. Sanatero. Anaima pomwepo atagwira zitsulo, mtima ukuwira, osadziwa kuti akukwiyira ndani.

Nkhani pamudzi sikwera kabaza koma imafika msanga. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankangoponya moni ali panjira, mitolo pamutu, miyendo osaima. Pauline wa zitumbuwa, wa pakamwa ngati lumo, ankafuula, "Mwadzuka bwanji ku Lilongweko?" Enawo n'kuseka chamumtima.

Dailes sanapepese. Ndipepese chiyani, ndinaba? Anadzilimbitsa mtima kuti za chiliza ndi za maliro, ndipo za maliro sakana. Mwambo wake ngodziwika. Dzulo lake amayi amabwera aliyense ndi mtolo wa nkhuni, amayala mafuwa, amapeta mpunga, ndipo a Latif amazinga mbuzi kuti Akhristu ndi Asilamu adyere mbale imodzi. Akadzabwera adzakhala pansi limodzi, nkhani ya machesi idzathera mu utsi. Akadzapanda kubwera, apo ndiye sankafuna kuganizapo. Pakhomo pamene amayi akana kuphika ndi pakhomo pakufa. A Yesaya, amene sanajombeko kukumba manda a anzawo, chiliza chawo chidzavundukulidwa ngati cha munthu wobwera. Nanga tsiku lake iye mwini, adzamusambitsa ndani? Sharon, atavala magolovesi?

Dzulo la mwambo linafika. Dzuwa linakwera, linapendeka, pabwalo popanda ndi chikuni chimodzi chomwe. Mbuzi inali chimangirire pamtengo wa mango, ikubzikula. Kunabwera Perpetua yekha, mkulu wa amayi a kumpingo, chimanjamanja, n'kuima m'mphepete mwa njira.

"Anambewe, ndatumidwa. Amayi akuti sakudziwa pophikira. Akuti nkhali singakhale pambale za sitovu, ndipo sakufuna kukudetserani."

"Nenani zenizeni, a Perpetua. Inu ndinu a Mulungu."

Perpetua anayang'ana zala za kumapazi. "Akuti mwina chakudya mudzatipatsira pawindo."

Clifton, amene anali atafika m'mawa ndi mkazi wake, anamva zonse ali pakhonde. Perpetua atapita anayandikira, makiyi akulira m'manja. "Musadandaule, amayi. Ndalankhula kale ndi ophika a ku tauni. Abweretsa chakudya m'timabokosi, aliyense kake ndi supuni yake. N'zaukhondo, n'zachangu. Masiku ano ndi mmene akuchitira."

"Nyama yake wazinga ndani?"

"Ya m'butchala, amayi. Nyama ndi nyama."

"Iwe, unabadwira pano kapena ndinakutola padepoti? A Latif angadye nyama yosadziwika woizinga? Ndipo ukuganiza kuti anthu amabwerera mimba? Munthu amadya pamene waikapo chikuni chake." Anapuma. "Chotsa galimoto."

"Amayi?"

"Chotsa chigalimoto chakocho pakhitchini panga ndisanachisonkhere moto kunsi."

Clifton anayang'ana nkhope ya mayi ake n'kukachotsa. Dailes anapita pakhonde, anazula mafuwa aja limodzilimodzi, duwa n'kugwa chagada. Anawagubuduza yekha, mabala a laimu mpaka pachitenje, n'kuwakhazika pamalo awo akale, pamwamba pa njerwa za simenti. Nkhuni anatola zidutswa za matabwa a makabati ndi mitengo ya denga lakale imene a Jameson anaunjika kuseri. Machesi ena analimo m'nyumba, koma moto wa machesi suitana munthu. Anafuna phale. Mapale onse anatayidwa pamodzi ndi chisakasa. Anatola chibenthu cha tailosi n'kulowera kumunsi.

Anawamva asanawaone. Kuseka. Onse anali kumeneko, atazungulira moto wa Asiya: Perpetua, Pauline, ndi ena onse aja, akusadzula nkhwani, nkhani zili pakamwa. Zimene zinkachitika kwake zinangosamuka ngati msika. Atamuona kuseka kunaduka.

"Odi."

"Fikani, kuno kulibe windo," anatero Pauline.

Dailes sanamucheukire. Anagwada pafupi ndi mafuwa, maondo akulira. "Achemwali, ndadzapala moto."

"Machesi atha?" anafunsa Asiya.

"Machesi alipo. Tsiku lija ndinalibe moto. Magetsi anazima. Ndinali pansi ndikudya chinangwa chachiwisi ngati nyani, ndipo sindinafune kuti mundione. Ndi zomwezo. Ndanena."

Ankayesa kuti akanena choncho zitha. Asiya anasonkhezera chikuni osamuyang'ana.

"Ndiye mwaonjeza," anatero. "Wallahi, kukanakhala kunyada ndikanakukhululukirani, tonse timanyada tikavala chatsopano. Koma munali ndi njala n'kundibisira ine? Ine amene ndinakusambitsani mutafooka pamaliro? Chaka chonse ndakhala ndikubwera kwanu ndi phale, kunama kuti moto wandizimira, kuti inu musaoneke ngati wothandizidwa. Inu kunena kamodzi kokha kuti, Asiya, lero ndilibe, kunakukanikani. Ndiye kuti pa awirife wopempha ndine ndekha."

Dailes anangotambasula dzanja, chibenthu cha tailosi chili pachikhatho.

"Icho chiphulika ndi moto." Asiya anatenga phale lake lobenthuka lija, anaikapo makala, anawaza phulusa pamwamba. "Moto samana. Tengani."

"Mubwera?"

Nkhwani zinkangolira m'zala.

"Kumanda tibwera," anatero Asiya potsiriza. "A Yesaya sanatilakwire."

Dailes anakwera njira phale lili m'manja awiri, akulitchinga mphepo ndi thupi lake. Atafika anagwada, anauzira, moto unagwira. Matabwa a makabati ankafuka utsi wonunkha guluu, koma unali utsi, ndipo unakwera mpaka kuoneka kudooko. Anayamba kupeta mpunga yekha, maso akuponya kunjira.

Sharon anatuluka atagwira mphuno. "Amayi, utsi ukulowa m'nyumba. Makatani ndi atsopano, siling'i nayo ida. Simungasunthire patali?"

"Ukulowera pati, apongozi? Si munatseka khomo?"

Anathyola nthambi yaiwisi ya mango n'kuiponya pamoto.

M'mawa mwake kumanda kunadzaza. Amayi a kumpingo anaimba mpaka mawu kusasa. A Latif ndi anzawo anaima chapambali mwaulemu, zisoti kumutu. Abusa atachotsa nsalu, Dailes anaona chiliza cha amuna ake koyamba: matailosi oyera mbee, omwe aja otsala kukhitchini. Alendo a ku Lilongwe anajambula ndi mafoni.

Dailes sanadikire pemphero lomaliza. Anadutsa chidule, anafika pakhomo, anavundukula nkhali imene anaitereka mbandakucha. Fungo la mpunga wa kilombero linafika mpaka kunjira. Anayala mphasa zonse zimene anali nazo. Anaima pambali pa moto, chipande m'manja. Pakhonde Clifton anali atasanja timabokosi take patebulo, mbuzi ili chimangirire pamango, pakuti woizinga sanabwere.

Gulu linatulukira. Linafika pamene njira imapatukira pakhomo, pamene mapazi a amayi omwewo anakumba kanjira pa zaka zonsezi. Woyamba anali Perpetua. Anawerama pang'ono, manja pamodzi.

"Pepani, Anambewe. Zikomo, takhuta."

Anadutsa. Wachiwiri chimodzimodzi. Pauline naye anati wakhuta, mimba ikumveka kulira. Abambo anatsatira a Latif, amene anangokweza dzanja. Asiya anadutsa pakati pa anzake, maso kunyanja.

Alendo a ku Lilongwe okha ndi amene analowa. Anadyera m'nyumba, atazungulira chitebulo cha mwala, ndipo mawu awo ankatulukira pawindo la zitsulo. "Koma Clifton, mayi ako wawasamala. Khitchini ngati iyi ngakhale ku tauni ndi ochepa ali nayo." Mmodzi anatsegula mpopi wa pasinki n'kutsekanso, kuti amve mmene ukulirira.

Mpunga wa m'nkhali anadya ndi agalu.

Potsazika, Clifton anaima patali ndi moto kuopa kununkhitsa jekete. "Khomo lija tidzaliboola, amayi, ndikadzapeza mpata. Kabati tidzangoidula."

"Udzaboolere ndani?"

Clifton anangoseweretsa makiyi m'manja. Sharon anati timabokosi totsala taikidwa mufuliji, azingotenthetsa. Galimoto inabwerera chambuyo kuzemba mafuwa, n'kupita.

Phale la Asiya Dailes sanabweze, dala. Analikhazika pafuwa loyang'ana kunjira, poonekera, kuti mwini wake adzalitenge yekha. Akadzabwera adzagwada kuti alitole, ndipo wogwada sachedwa kukhala pansi. M'mawa uliwonse Dailes amafukula moto wake pamenepo, panjerwa za galimoto, popanda denga, popanda khoma. Amatereka madzi a tiyi okwanira anthu awiri. Kumbuyo kwake khitchini yatsopano imangowala yokha, akangaude akuluka m'makabati.

Mitambo ya mvula yoyamba yayamba kusonkhana kutsidya. Asiya sanabwere. Mapale pamudzi sasowa: mphika umodzi ukasweka umabala khumi.